Mpondagiya Ayambe Kufika Simenti Isanafike

Dera la kwathu la Mphunzi m'boma la Dedza limadziwika ndi zojambula za makolo pa matanthwe. Phiri la Mphunzi ndi gawo la malo 127 a ku Chongoni amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Koma kunsi kwa phiriko moyo ukupitirira, ndipo anthu akumanga nyumba za malata, magolosale, matchalitchi ndi makalasi. Pa malo omangapo ameneŵa pamapezeka njerwa, mchenga, wilibala ndi mafosholo, koma ndi pochepa pamene ndaonapo chosambira m'manja. Maganizo anga ndi akuti aliyense womangitsa aziika chosambira m'manja chonyamulika, chokhala ndi madzi abwino ndi sopo, ntchito isanayambe.

Poyamba tiganizire zimene manja a mmisiri ndi waganyu amakhudza pa tsiku. Simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, ndipo ikakhalitsa m'manja imang'amba zikhatho ndi kusiya zilonda. Kuno ku Dedza, kumene mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, ming'aluyo imachedwa kupola. Chinanso n'chakuti pa malo ambiri chimbudzi chimamangidwa pomalizira, choncho antchito amapempha kwa oyandikana nawo kapena amalowa patchire. Likafika dzuwa paliwombo, anthu omwewo amazungulira mbale imodzi ya nsima. Ena amangoviika manja mu mgolo wa madzi okandira simenti, ena amasambira m'beseni limodzi, kotero kuti womalizira amasamba litsiro la anzake onse. Amayi amene amatunga madzi a pantchitopo akaweruka amakaphika ndi kuyamwitsa ana. Matenda otengedwa pa malo omangapo sathera pomwepo, amakalowa m'nyumba.

Amene akuona ngati iyi ndi nkhani yaing'ono akumbukire kolera ya mu 2022 ndi 2023. Inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, itadutsa mphepo yamkuntho ya Ana, ndipo inafalikira m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Kolera imafala pamene tizilombo ta m'chimbudzi cha wodwala talowa m'madzi kapena m'chakudya, ndipo manja osasamba ndi mlatho umodzi umene timawolokerapo. Akatswiri a zaumoyo anapeza kuti kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Malo omangapo amasonkhanitsa anthu ochokera m'midzi yosiyanasiyana, ndiye mmodzi akabwera ndi matendawa, madzulo amwazikira midzi ingapo. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri, nkhaniyi si yopempha chifundo ayi. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act, lomwe linalamula olemba ntchito kupereka madzi akumwa, zimbudzi ndi posambira kwa antchito awo. Nalo bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, mu pangano lake nambala 167 la mu 1988 lokhudza ntchito zomangamanga, linanena zomwezo. Vuto ndi lakuti oyendera malo antchito safika msanga ku midzi ngati Mphunzi, ndipo waganyu wolipidwa pa tsiku sangatsegule pakamwa kudandaula poopa kuti mawa amuuza kuti ntchito yatha. Lamulo likakhala m'mabuku ku Lilongwe, amene amavutika ndi wosenza njerwa.

Womangitsa angayankhe kuti simenti ndi malata zamudyera kale ndalama, nanga za mipopi azitenga kuti? Yankho lili m'midzi mwathu momwemu, ndipo dzina lake ndi mpondagiya. Pamangofunika chigubu cha malita 5, mitengo iwiri ya mphanda, mtengo wopingasa, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Chigubucho amachiboola ndi msomali wamoto chakumtunda, ndipo munthu akaponda kamtengoko chimapendekeka n'kutulutsa madzi pang'onopang'ono. Manja akuda sakhudza chilichonse kupatula sopo. Luso limeneli linayambira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1980, ndipo ubwino wake kwa omanga ndi wakuti limazulidwa n'kukazikidwa kwina ntchito ikasuntha. Pamene pali antchito ambiri, ndowa ya chivindikiro yokhala ndi kampopi, yoikidwa pa kampando ndi beseni pansi pake, imathandiza bwino. Ndowa yotereyi inatchuka kuchokera ku Ghana, kumene mayi wina katswiri wa sayansi, Veronica Bekoe, anailimbikitsa. Covid-19 itafika m'dziko muno mu Epulo 2020 tinaziona pa khomo la golosale, tchalitchi ndi sukulu. Zimenezi zinaonetsa kuti tikafuna timatha. Mtengo wa mpondagiya sufika n'komwe pa wa thumba limodzi la simenti.

Ena amati madzi ndi osowa. Koma kodi pali nyumba imene inamangidwapo popanda madzi? Migolo imadzazidwa tsiku lililonse chifukwa cha matope ndi simenti. Chofunika ndi kupatulako ndowa imodzi ya madzi a pa mjigo, kuthiramo klorini ngati achokera kudambo, ndi kuletsa kuti fosholo isaviikidwemo. Enanso amati sopo amabedwa. Sopo akabooledwa pakati n'kumangiriridwa pa chingwe sayenda, ndipo tsiku limene watha, phulusa ndi bwino kusiyana ndi madzi okha. Palinso oti antchitowo safuna kusamba. Ine ndikuona kuti munthu sangazolowere chinthu chimene palibe. Kapitawo akayamba yekha kuponda giya nsima isanafike, anyamata ake sangachitire mwina.

Tsono achite chiyani ndani? Khonsolo ya Dedza, popereka ntchito zomanga makalasi, milatho ndi zipatala, kuphatikizapo za thumba la CDF lomwe linayamba mu 2006, izilemba chosambira m'manja ndi chimbudzi chongoyembekezera mu mgwirizano ndi kontirakitala, ndipo ndalama zoyamba zisatuluke zinthuzi zisanaoneke. Makomiti a sukulu ndi a mipingo, amene amasonkhanitsa anthu kuumba njerwa ndi kututa mchenga, achite chimodzimodzi pa ntchito za chitukuko. Mafumu amene analimbikitsa kuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi angathenso kufunsa womangitsa aliyense kuti antchito ake akusamba pati. Alangizi a zaumoyo akamayendera midzi azipatukirako pa malo omangapo. Mutu umodzi susenza denga.

Ifenso ophunzira chiyankhulo tili ndi mbali yathu. Zikwangwani za pa malo omangapo zimalembedwa m'Chingerezi, pamene ambiri osenza njerwa amawerenga Chichewa. Mawu akuti mpondagiya akutiphunzitsa kanthu: anthu anaona phazi likuponda kamtengo ngati dalaivala pa galimoto, napeka dzina loseketsa limene mwana aliyense amaligwira msanga. Uthenga wa ukhondo ukamalankhulidwa motere umalowa. Tingathe kuthandiza kulemba mauthenga afupiafupi omveka bwino, m'malo momangodikira pa 15 Okutobala, tsiku lokumbukira kusamba m'manja, kuti tiyankhulepo.

Nyumba imamangidwa kuti anthu akhalemo ndi moyo wabwino. N'zosamveka kuti woimanga atengerepo zilonda ndi matenda chifukwa chosowa chigubu ndi kachidutswa ka sopo. Amene akukonzekera kukumba maziko ayambe wazika mitengo iwiri ya mphanda, kenako aitanitse simenti.