Bitcoin ngati chikole: wopindula ndani, wolira ndani?

Mlimi wa kachewere ku Tsangano amadziwa kuti kukhala ndi katundu si kukhala ndi ndalama. Matumba ali m'nyumba, koma fizi ya mwana ikufunika lero. Akagulitsa nthawi yokumba, mavenda a pa Tsangano Turn-off amamudyera masuku pamutu chifukwa mbatata yangoti mbwee. Akanatha kupinyolitsa matumbawo n'kudzagulitsa mitengo itakwera, bwenzi akusimba lokoma.

Malamulo alipo. La mu 2013 limalola katundu wonyamulika kukhala chikole, ndipo la mu 2018 linakhazikitsa malisiti a nkhokwe, omwe mlimi wa chimanga kapena soya angabwerekere ndalama. Koma kachewere amawola, mtengo wake sukhazikika, ndiye banki imachita naye mphwayi. Chotsala ndi banki m'khonde, apo ayi katapila.

Chodabwitsa n'chakuti kunjaku makampani akuluakulu akubwereketsana madola ankhaninkhani pa chikole chimene mtengo wake umayendayenda kuposa wa mbatata: Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Kampani yokhala ndi Bitcoin sifuna kuigulitsa poyembekeza kuti ikwera, choncho imaipereka ngati chikole. Wobwereketsa amafuna chikole choposa ngongoleyo, mwina kuwirikiza kawiri. Mtengo ukatsika, amalamula kuti chiwonjezeredwe msangamsanga. Zikakanika, amachigulitsa pompo, osafunsanso.

Oikira kumbuyo njirayi ali ndi mfundo, tisawanyoze. Nyumba yolandidwa ndi banki imatha miyezi kapena zaka isanapeze wogula, milandu ili mkati. Bitcoin imagulika usana ndi usiku, Lamulungu lomwe, ndipo mtengo wake aliyense akuuona pa foni. Kuno kwathu palinso china chokopa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola akusowa m'mabanki. Bwana wa kampani yoitanitsa katundu kunja akamva za chuma chosadalira kwacha, chimene angabwerekere madola, mtima umadumpha ndithu.

Koma chaka cha 2022 chinavula njirayi. Bitcoin inali pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021. Pofika Novembala 2022 inali cha m'ma 16,000. Mtengo ukagwa, obwereketsa onse amagulitsa zikole nthawi imodzi, ndipo kugulitsako kumagwetsanso mtengo. Amene anabwereka pokana kugulitsa amapezeka kuti amugulitsira, pa mtengo wozizira kwambiri.

Choipa chachikulu chinali kuseri. Ena mwa obwereketsa ankatenga chuma chimene asungitsidwa n'kukachibwereketsanso kwina. Kampani ya Three Arrows Capital, yomwe inakongola kwa obwereketsa angapo, itagwa pakati pa 2022, inakoka anzake. Celsius inatseka zitseko mu Juni chaka chomwecho, BlockFi inagwa mu Novembala, Genesis inatsatira mu Januwale 2023. Ambiri amene anasungitsa chuma chawo kumeneko anakaima pamzere kukhoti ku America pamodzi ndi ena onse ofuna zawo. Inde, amalonda akuti masiku ano chikole chikusungidwa ndi kampani ina yapadera, osati wobwereketsayo. Ndi kusintha kwabwino, koma kukuchiza kusakhulupirika kokha. Kugwa kwa mtengo kulibe mankhwala.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngongole yotereyi imayanja amene ali ndi madola ena pambali owonjezera chikole tsiku loipa. Kampani ya ku Malawi, imene ikubwereka chifukwa chosowa madola omwewo, ikawatenga kuti usiku umodzi? Ndiponso Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zoterezi si zovomerezeka mwalamulo m'dziko muno. Zinthu zikavuta, wokamudandaulira ali kutsidya kwa nyanja, ndipo loya wake amalandira madola.

Munthu wolemera amene akufuna kuyesa mwayi ndi chuma chake, ayese. Koma mathumba a penshoni ndi makampani a inshuwalansi amasunga thukuta la antchito amene sanafunsidwe. Oyang'anira mathumbawa asaike ndalama za anthu pa chikole chotere, ndipo Reserve Bank, yomwe imawayang'anira, ilembe zimenezi momveka bwino m'malamulo wina asanayese.