Musanafunse dzina la foni, funsani mtengo wa sikilini

Mwezi ukatha, malipilo akangoloŵa, ku Town Centre Market, ku City Market na m'mashopu a mu Cairo Road mumadzala anthu ofuna mafoni. Funso lawo ni limodzi: ni foni iti yabwino? Wogulitsa yankho ali nalo kale. Yabwino ni imene ili m'manja mwake panthawiyo, ndipo adzakuuzani kuti "iyi bwana, olo mugwetse pa simenti siimvelako." Ku nyumba nako kuli akatswili: mwana afuna iPhone cifukwa anzake ku koleji ali nayo, amalume amalumbilila Samsung, amai a pa msika akuti Itel sinawakhumudwitsepo.

Ife tiona kuti funsolo limayambila pakati. Mu Lusaka wa lelo foni si cokongoletsa m'thumba. Ni cikwama ca ndalama, cifukwa lendi, ndalama za sukulu na zothandiza makolo ku Chipata kapena ku Petauke zimapita pa Airtel Money na MTN MoMo. Ni shopu, cifukwa wogulitsa salaula ku Kamwala amaika zithunzi pa WhatsApp n'kupeza makasitomala asanatsegule n'komwe kantemba. Kwa woyendetsa Yango, foni ikafa, tsikulo nchito yafa. Conco cofunika kudziŵa ni cakuti: foni imeneyi ikawonongeka pa Ciŵili, kodi pa Citatu idzakhala itabwelela m'manja mwanga, ndipo pa ndalama zingati?

Apa m'pamene pali cinsinsi ca Tecno, Infinix na Itel. Ambili sadziŵa kuti maina atatuwa ni ana a nyumba imodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ku China, imene imagulitsa pafupi-fupi theka la ma smartphone onse ogulidwa mu Africa. Sinafike pamenepo mwangozi. Inaona kuti munthu wa kuno amakhala na ma SIM aŵili cifukwa netiweki ina imagwila ku nchito, ina ku komboni, ndipo ma bundle amasiyana mtengo. Inaona kuti kamela yopangidwila khungu loyela imatulutsa nkhope zathu monga mthunzi, n'kuikonza. Inaikamo mabatile aakulu. Koma coposa zonsezi, zipangizo zake zili paliponse. Mnyamata aliyense wokonza mafoni, kucokela ku Matero mpaka ku Chawama, ali na sikilini ya Tecno mu dilowa, ndipo amaisintha inu muli ciimile.

Sitikunena kuti mafoni amenewa alibe vuto. Ambili a mtengo wotsika amabwela na mapulogilamu amene simunapemphe, otsatsa malonda amatulukila posayembekezela, ndipo zonsezo zimadya bundle yanu. Cina, nthawi imene amalandila ma update ni yaifupi poyelekezela na anzawo. Nkhani ya ma update anthu amaiona monga ya anyamata a makompyuta, koma ni nkhani ya loko wa pa citseko. Foni imene muli ndalama zanu, ngati papita zaka ziŵili osatsekedwa mipata imene akawalala a pa intaneti apeza, ili monga nyumba ya geti yolimba koma windo yosatseka.

Pa mbali imeneyi Samsung yapita patsogolo. Galaxy A16, imene inatuluka kumapeto kwa 2024, inalonjezedwa ma update kwa zaka 6, ndipo Galaxy S24 zaka 7. Kwa munthu amene amasunga cinthu, amene foni yake imakhala m'kava ndipo siigwa-igwa, lonjezo limeneli ni ndalama. Manje vuto lili pa galasi. Mafoni ambili a Samsung a pakati na apamwamba ali na sikilini ya mtundu wa AMOLED, yowala bwino ngakhale pa dzuŵa la mu Okutobala, koma yodula kwambili ikasweka. Pitani kwa aliyense wokonza mafoni muone m'kabati yake: muli mafoni abwino-bwino amene eni ake anamva mtengo wa sikilini, n'kunena kuti "nizabwela mailo," osabwelanso. Zaka 6 za ma update zilibe phindu pa foni imene yagona mu dilowa kuyambila mwezi wacisanu.

Nanga iPhone? Ni foni yabwino, palibe angatsutse, ndipo Apple imasamalila mafoni ake kwa zaka zambili. Koma tikambe zoona: ma iPhone ambili amene ayenda mu Lusaka ni a salaula, anagwilapo kale nchito ku London, ku Dubai kapena ku America. Salaula si coipa, tonse timavala. Kungoti malaya mumatha kuona pamene anang'ambika, pomwe foni imabisa. Batile ingakhale yatopa, ndipo mu Settings muli malo oonetsa thanzi lake. Ikatsika pansi pa 80 pelesenti ndiye kuti mwagula foni yofuna batile yatsopano. Ingakhale yokhomedwa ku akaunti ya iCloud ya mwini wake woyamba, ndipo ikatelo ni njelwa cabe, palibe wa pa Katondo Street angakutsegulileni mwacilungamo. Ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambila pa iPhone 14 alibe na poika SIM pomwe, amagwila na eSIM cabe. Ndipo amene anagula iPhone 6 motsika mtengo kuti naye aoneke, mu 2025 anadzuka n'kupeza WhatsApp yaleka kugwila pa foniyo. Cizindikilo ca apozi kumbuyo cinalipo ndithu, koma makasitomala sanali kum'peza.

Za Huawei tingokamba mwacidule. Kucokela mu 2019, pamene boma la America linaletsa makampani ake kugwila nayo nchito, mafoni ake atsopano sabwela na Play Store. Makina ni olimba, koma ngati simuli munthu wokonda kusakila njila za m'mbali kuti muikemo pulogilamu ya banki yanu, funsani bwino musanalipile. Redmi ya Xiaomi nayo imapatsa zambili pa mtengo wake. Funso ni lomwe lija, la kumene mudzapeza zipangizo.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa cinthu cimene otsatsa malonda sakamba. Cilala citaumitsa Kariba, malaiti anali kupita maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposa pamenepo. M'miyezi imeneyo palibe anali kufunsa za ma megapixel. Anthu anali kuyenda na chaja m'thumba monga NRC, kupempha soketi ku baba shopu, ku chechi, ku ofesi ya mlamu. Foni ya batile ya 5,000 mAh inali mfumu, ndipo yodula ya batile yaing'ono inali kugona 14 koloko isanakwane. Mvula ingagwe bwino caka cino, koma magetsi athu ambili akali kucokela ku madzi, ndipo foni imene mugula lelo idzaona nyengo zouma ziŵili kapena zitatu.

Manambala a pa bokosi nawo afunika kuwaŵelenga na diso la munthu wogula nsomba. Mukaona "8GB RAM", yang'anitsitsani tumalemba tung'ono: kaŵili-kaŵili ni 4 yeni-yeni, ina 4 ni yobweleka ku malo osungila zinthu, ndipo siithamanga mofanana. Makamela atatu kumbuyo sakutanthauza zithunzi zabwino katatu. Nthawi zambili imodzi cabe ndiyo imagwila nchito yeni-yeni. Cimene cimavutitsa anthu tsiku na tsiku ni malo osungila. Gulupu ya banja, ya chechi, ya cilimba na ya makolo a ku sukulu zonse zimatumiza mavidiyo, ndipo foni ya 32GB imadzala Khisimasi isanafike. Ngati thumba lilola, 128GB ni poyambila pabwino. Kuli bwino kutsika dzina n'kukwela malo, kusiyana na kugula dzina lalikulu limene mudzakhala mukufafaniza zithunzi za ana usiku uliwonse.

Kwabwelanso njila ya pay slow: mulipila pang'ono, mutenga foni, zotsala muzipeleka tsiku na tsiku kapena pa wiki. Kwa ambili iyi ndiyo njila yokha yopezela smartphone, ndipo sitiinyoza. Koma tengani pepala muwonkhetse zonse mpaka tsiku lothela, muone kusiyana kwake na mtengo wa kashi. Kumbukilaninso kuti mukaphonya kulipila foni imakhomedwa, ndipo imakhomedwa pa tsiku lomwelo limene bizinesi yavuta, pamene muifuna kwambili kuti mupeze ndalama yolipilila.

Tsopano pa nkhani ya kumene mugula, cifukwa dzina limodzi-modzilo lingakhale foni yeni-yeni mu shopu iyi na gong'a mu shopu yotsatila. Musanapeleke ndalama, dinani *#06#. Padzatuluka nambala ya IMEI. Iyelekezeni na imene ili pa bokosi, ndipo muuze wogulitsa ailembe pa lisiti. Akayamba kuyang'ana kumbali, cokani. Foni yopanda bokosi, yopanda lisiti, ya mtengo wokoma kwambili, yotulutsidwa m'thumba la jekete pa kona, nthawi zambili ili na mwini wake amene akali kulila mu minibasi ya ku Kanyama. Apolisi akailondola na IMEI safika kwa amene anaitsomphola, amafika kwa amene waikamo SIM yolembetsedwa na NRC yake. Kulandila katundu wakuba ni mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo "sin'nadziŵe" ni mau ovuta kuwagulitsa pa polisi.

Ogulitsa nawo ali na mbali yawo. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kupacika zikwangwani zokana udindo, monga zija za "No Refund", koma yendani m'tauni muŵelenge kuti ni mashopu angati a mafoni amene mauwa akali pa cipupa kapena pansi pa lisiti. Bungwe la CCPC lilipo kuti lilandile madandaulo a ogula, ndipo ZICTA ndiyo iyenela kuvomeleza mitundu ya mafoni oloŵa m'dziko. Tifuna kuwaona kaŵili-kaŵili m'makolido a Town Centre, osati pa wailesi cabe. Wogula sangakhale injiniya, wapolisi na loya panthawi imodzi pofuna cabe kugula foni.

Pakali pano, amene mupita kukagula kumapeto kwa mwezi uno, yambilani ku tebulo la wokonza mafoni, osati ku shelefu ya wogulitsa. Mum'chulile mafoni aŵili kapena atatu amene muganizila, mum'funse mtengo wa sikilini na batile ya iliyonse, komanso ngati ali nazo pomwepo kapena ziyenela kuitanitsidwa kunja. Mufunseninso kuti ni iti imene imabwela kaŵili-kaŵili na vuto la pochajila. Iye sapindula ciliconse pa foni imene mudzasankha, ndipo mafoni onsewo anawaonapo m'kati.