Za Alimi: Fumbi la Mtovu ku Kabwe

Alimi anzanga, sabata ino tisiye za manyowa, tikambe za mpweya umene tipuma pakhomo.

Ku Kabwe m'dziko la Zambia, dzina lace lakale Broken Hill, anakumba mtovu ndi zinki kufikira 1994. Mgodi unatsekedwa, koma miulu ya zotsalira ikalipo. Mphepo ya m'cirimwe ikaomba, fumbi lace ligwera m'makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu.

Nanga adziwa bwanji zimene ziri m'fumbimo? Akatswiri aika makina okoka mpweya pakati pa nyumba. Mpweyawo upyola pa kapepala kosefera usana ndi usiku. Kapepalako akayesa pa sikelo poyamba ndi pomariza. Kulemera koonjezekako ndilo fumbi. Akatero akaunika ndi X-ray, ndipo citsulo ciri conse cidziulula: mtovu, zinki, kadimiyamu.

Woipitsitsa ndi mtovu. Sununkha, koma uononga ubongo wa ana. Mwana wokwawa ndiye ameza wambiri, pakuti dzanja lace silicoka kukamwa. Mpiru wa m'dimba nawonso ugwira fumbili pamasamba.

Bwalo losesa mbee likoma m'maso, koma ku malo otere ine ndiliyesa bvuto. Inu okhala pafupi ndi migodi, bzalanipo kapinga, wazani madzi musanasese m'nyumba, ndipo tsukani ndiwo bwino-bwino musanaphike.