Piki pa besi si manyazi, abale anga a m'tauni

Lero ndapumako kaye pa nkhani za fetereza ndi mitengo ya soya. Ndili ndi mlandu wina, waung'ono ngati chikhadabo, koma wandikhala pamtima sabata yonse. Ndi wa kapulasitiki kaja oimba gitala amapana pakati pa zala, kamene anyamata amati piki.

Mukudziwa kuti kwaya yathu inagula gitala ya besi ndi ndalama za mtedza umene tinalima pamodzi ku dambo, ndipo amene amaiimba ndi mwana wa mlongo wanga. Ena a inu mutabwera ku ukwati uja munamuseka mwanayu, ati besi ya piki ndi ya ophunzira, katswiri amaimba ndi zala. Iye pochita manyazi wataya piki. Chichokereni inu, besi m'tchalitchi mwathu sikumveka. Timangoona mwana akugwedeza mutu, zala zili piringupiringu pa nsambo, koma chofika kukhutu ndi mkokomo chabe, ngati thirakitala ikudutsa kuseri kwa phiri. Amayi a alto ayamba kusochera, chifukwa besi ija ndiyo inkawagwira dzanja. Ndiye ine monga malume, komanso monga munthu amene ndinakula ndikukhwatcha banjo ya chigubu kubusa, ndati ndiyankhepo.

Mawu a besi ndi otsika kwambiri. Nsambo yaikulu ija, ya E, imanjenjemera ka 41 kokha pa sekondi. Kuti mawu otere atuluke bwino pamafunika sipikala yaikulu ndi ampu yamphamvu, zonga zimene muli nazo m'matchalitchi mwanu a matailosi. Ife kuno tili ndi kabokosi kamodzi. Kiyibodi imalowa momwemo, maikolofoni awiri momwemo, besi momwemo, ndipo moto wake ndi wa batire ya galimoto imene timatchaja pa sola. Ukakoka nsambo ndi mnofu wa chala, mawu amatuluka onenepa, ofewa, okoma ndithu, koma mbali yaikulu ya kukomako kabokosi kathu sikangathe kuinyamula. Mwana akaona kuti sakumveka amakweza voliyumu, sipikala n'kuyamba kulira ngati chitenje chikung'ambika, batire n'kutha ulaliki usanayambe. Mawu otsika ndiwo amadya moto wambiri.

Piki imawonjezera mawu a pamwamba, ka "ta" kaja kamene kamamveka nsambo ikangogundidwa. Kameneko sipikala yaing'ono imakatulutsa mosavuta, ndipo khutu likakamva limadziwa kuti noti yayambira apa, yathera apa. Besi imamveka osakweza voliyumu. Komanso nsambo zathu ndi zomwe zija tinagula nazo gitala, zadya thukuta ndi fumbi la chilimwe chonse, mawu ake anafooka kale. Piki imazidzutsako.

Ndiye tamvani chodabwitsa. Inu amene mumanyoza piki ndinu omwe mumapempha kuti tizikutumizirani nyimbo za kwaya pa WhatsApp, n'kumamvera pa kasipikala ka foni kochepa ngati njere ya nandolo. Pa kasipikala kameneko besi ya zala imasoweratu. Kenako mumalemba kuti, kodi wa besi sanabwere lero? Anabwera, aise. Ankaimba monga munamuuzira.

Zoti akatswiri sagwira piki ndi bodza. Ku Los Angeles kunkagwira ntchito mayi wina dzina lake Carol Kaye, wobadwa mu 1935, amene anaimba besi m'nyimbo zambirimbiri zojambulidwa m'zaka za m'ma 1960, kuphatikizapo chimbale cha Pet Sounds cha gulu la Beach Boys cha mu 1966. Mayi ameneyu ntchito yake ankaigwira ndi piki. Paul McCartney wa Beatles nayenso nthawi zambiri ndi wa piki. Kodi amenewa ndi ophunzira? Kumbali inayo kuli akatswiri a zala, sindikukana. James Jamerson wa ku Motown, ku Detroit, ankakoka nsambo ndi chala chimodzi chokha, koma dziko lonse linavina. Aston Barrett, amene ankaimbira besi Bob Marley, anali wa zala. Onsewa ndi mizu ya kachere, amakumana pansi. Ngakhale kwathu konkuno, taonani Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni yake ya nsambo imodzi. Iye amamenya nsambo ndi kamtengo, dzanja linalo akutsetsereka ndi botolo, ndipo azungu amamuitana kukaimba kwawo. Palibe anamuuzapo kuti taya kamtengoko, katswiri amagwira ndi zala.

Nsima timadya ndi manja, phala timamwa ndi sipuni. Pa nazale ya fodya udzu timazula ndi zala, m'munda wa chimanga timapalira ndi khasu. Sindinamvepo munthu akunyozedwa kuti ndi mlimi wophunzira chifukwa wagwira khasu.

Pamene mukanathandiza mwanayu ndi pa kusankha kwake, pakuti apo mpamene anyamata ambiri amalakwitsa. Amatola piki ya mnzawo wa gitala ya lidi, kopyapyala ngati tsamba la anyezi, n'kupita nako pa besi. Nsambo ya besi ndi yonenepa, yaikuluyo imaposa mamilimita awiri ndi theka. Kapiki kopyapyala kakakumana nayo kamapindika, kamangoti phephephe pamwamba, nsambo osasuntha mokwanira. Chotuluka ndi phokoso la pulasitiki, noti yeniyeni ili kutali. Woimbayo amayamba kukafinya mwamphamvu kuti kasapindike, nyimbo ziwiri zokha dzanja lagwira tsemwe ndi kutopa. Mwina ndi phokoso limeneli limene linakuipirani pa ukwati paja, ndipo ngati ndi choncho khutu lanu silinaname. Koma mlandu unali wa kupyapyala kwa piki.

Pa mapiki ambiri ogula pamalembedwa nambala, ndiyo kuchindikala kwake m'mamilimita. Ya 0.50 kapena 0.60 isiyireni a gitala wamba. Pa besi yambirani pa 0.88, ndipo ine ndimakonda ya 1.0 kapena 1.14. Za kampani ya Dunlop zotchedwa Tortex zimasiyana ndi mtundu: 0.88 ndi yobiriwira, 1.0 ya buluu, 1.14 yapepo. Makampani ena mitundu amaika mwawomwawo, choncho werengani nambala, musangodalira maso. Yopanda nambala ipindeni pakati pa zala. Ikagonja mosavuta, ibwezeni.

Maonekedwe akenso ali ndi nkhani. Ilipo yaing'ono yonga dontho la madzi, ilipo yaikulu ya makona atatu ofanana. Kwa ife alimi ndikuti tengani ya makona atatu. Zala zathu zinauma ndi mpini, nsonga zake sizimva bwino kanthu kakang'ono, ndipo kapiki kochepa kamapulumuka osadziwa n'komwe kuti kagwa nthawi yanji. Yaikuluyo ili ndi pogwira pokwanira, ndipo kona imodzi ikatha umangotembenuza, uli ndi zina ziwiri. Piki imodzi, zitatu. Munthu wowerenga ndalama za mtedza amamva zimenezi.

Ziliponso zofewa zonga nsalu youmbika, za felt. Mawu ake amayandikira ku zala, koma zimanyenyeka msanga pa nsambo za besi, ndiye kwa ife amene sitolo ya zoimbira ili ulendo wa tsiku lathunthu, ndi kutaya ndalama. Kale akuti zapamwamba zinali za chigoba cha kamba wa m'nyanja ya mchere, mpaka malonda ake analetsedwa padziko lonse m'zaka za m'ma 1970 poteteza nyamayo. Ndatchula izi dala, chifukwa ndikuwadziwa anyamata a kuno. Wina asamve mwatheka n'kupita kukasaka kamba kutchire. Musiyeni kamba, pulasitiki ilipo yambiri.

Piki yogula ikasowa, timasema tokha, monga tinkachitira pa banjo. Khadi yakale ya ku banki, kapena chipulasitiki chija chimatsala ukachotsa simu khadi yatsopano, kuchindikala kwake ndi 0.76. Pa gitala wamba ndi yabwino, pa besi ndi yongopulumukirapo Lamulungu limodzi. Yabwinopo ndi yodula pa chivundikiro cha ndowa yosweka kapena pa chigubu cholimba cha mafuta ophikira, posankha pamalo pophwatalala. Dulani makona atatu ndi mpeni wakuthwa, kenako nolani m'mbali mwake pa mwala wonolera kapena pa simenti ya pakhonde mpaka posalala. Apa musachite ulesi. Mbali yokhakhala imakanda nsambo, ndipo kukanda kumeneko sipikala imakukuza. Pakati pake boolani kabowo ndi msomali wotentha, kapena lembani mizere yopingasa ndi nsonga ya mpeni, kuti thukuta la mu Okutobala lisakuterereseni.

Chimene ndikuletsa ndi mtima wonse ndi ndalama yachitsulo ndi chitsekerero cha botolo. Ndaonapo anyamata akukhwatcha ndi kobiri. Mawu amatuluka akuthwa, inde, koma chitsulo chimadya nsambo pang'onopang'ono. Nsambo ya besi ndi waya wapakati wokulungidwa ndi waya wina wopyapyala, ndipo wakunjayo akaduka, yatha basi. Pa gitala ya kwaya yogulidwa ndi thukuta la amayi makumi awiri, amene akufuna kuimba ndi kobiri ayambe wagula nsambo zake.

Tsono kagwiridwe. Piki igone pambali pa chala cha mkombaphala, chala chachikulu chiipsinje pamwamba, kunja kutsale kansonga kochepa ngati njere ya mpunga. Mukatulutsa kwambiri imakodwa pa nsambo. Gwirani monga mugwirira mwanapiye, asathawe koma asafe. Kumenya kuchokere pa mfundo ya dzanja, mkono wonse ukhale chete. Anyamata ena amamenya kuyambira paphewa ngati akuwaza nkhuni, ndiye nsambo imakagunda pa zitsulo za pakhosi pa gitala n'kumalira ngati malata pa mphepo. Mphamvu ndi ntchito ya ampu. Pa nyimbo yodekha menyani chotsitsa chokhachokha, mawu amakhala ofanana, olemera. Nyimbo ikathamanga, monga makorasi aja a chopereka, ndiye chotsitsa ndi chokweza mosinthana, apo ayi simufika kumapeto.

Chinsinsi chachikulu chili pa chikhatho. Mbali ya chikhatho ya ku kachala kakang'ono igone mopepuka pa nsambo, kumunsi kwenikweni pamene nsambozo zamangidwira. Mukatero noti imatuluka yaifupi, yonenepa, "dum, dum", ngati ng'oma yaikulu ya mbalule ili ndi phula lokwanira, ndipo kuthwa kwa piki kumachepa. Mukasunthira chikhatho kutsogolo kwambiri noti imafa. Pezani malo ake ndi khutu. Mukafuna mawu ofewa koposa apo, menyerani chakufupi ndi khosi la gitala ndipo bwezaniko kabatani ka tone. Ambiri kabatani kameneka sanakakhudzepo chigulire gitala, amakaopa ngati kali ndi mankhwala. Dzanja lamanzerenso lisagone: zala zimene sizikudina zizikhudza nsambo zosaimbidwa kuti zisang'ung'udze zokha, pakuti ndi piki mulibe chala chopuma chozitontholetsa monga amachitira wa zala.

Pali pamene inenso ndimati piki ilowe m'thumba. Pa maliro, usiku, amayi akuimba motsitsa m'nyumba ya siwa, ka "ta" kaja kamakhala ngati munthu wotafuna chimanga chokazinga pakati pa pemphero. Pamenepo chala chachikulu chokha chikwana, kapena besi ingokhala chete. Nyimbo za reggae, zonga zimene timamva kwa anyamata a ku Chileka, nazonso zimafuna besi yozungulira, yofewa, yogona pansi, ndipo zala ndizo zimaipereka bwino. Choncho mwana aphunzire zonse ziwiri. Nthawi ya dzinja, zala zikang'ambika ndi kupalira ndi kubandira, waya wa besi pa mng'alu wa chala ndi ululu umene inu ogwira mbewa ya kompyuta simuudziwa, ndipo piki imamupulumutsa. Chilimwe, manja atapola, akhale pansi pa mtengo wa mango azolowere zala, besi yosalumikiza n'komwe ku batire.

Inu a m'tauni, pobwera pa Khirisimasi, musativutikire ndi mabisiketi. Lowani m'sitolo ya zoimbira mutigulireko mapiki a makona atatu, 1.0 kapena 1.14, asanu kapena khumi, pakuti tinthu timeneti timasowa kuposa singano. Tidzasunga m'bokosi la machesi m'chikwama cha gitala, ndipo wosunga bokosilo adzakhala mayi msungichuma, osati anyamata. Amene dzanja lake lingatalike awonjezerepo paketi ya nsambo zinayi za besi, zolembedwa 45 mpaka 105. Muonetsetse kuti ndi za besi, chifukwa za gitala wamba ndi zazifupi ndiponso zopyapyala, sizingalowe.