Guwa la pa Mkunazini

Alendo ambiri akafika ku Stone Town, pachilumba cha Zanzibar, amathamangira kujambula zitseko zosemedwa mwaluso, zokhomedwa misomali yamkuwa. Nzokongoladi, koma ine mtima unanditsalira pa Mkunazini. Pamenepo pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomwe anayamba kumanga mu 1873, chaka chimene Sultan Barghash anatseka msika wa akapolo womwe unali pamalo omwewo. Ndinaima duu pafupi ndi guwa, ndikulingalira za anthu amene Jumbe, wogulitsa akapolo, ankawawolotsa nyanja pa Nkhotakota, n'kuyenda wapansi miyezi yathunthu mpaka ku Kilwa, goli lili m'khosi. Ena mwa iwo anagulitsidwira pabwalo limeneli, akulira m'chinenero chomwe ndikulemberachi.

— Wakulinga