Wantchito akadwala, tiyambe tafunsa za katundu amene wamusenza

Nonse amene mwaphunzira lamulo la Hooke mukudziwa kuti sipuling'i ili ndi malire. Mukaikoloweka katundu imatanuka, mukachotsa imabwerera. Koma mukapyola elastic limit, basi, siibwereranso mwakale. Apo sitinena kuti sipuling'iyo ndi yaulesi, timafunsa amene anaikoloweka katunduyo. Ine ndikuti tizifunsa chimodzimodzi munthu akadwala chifukwa cha ntchito, m'malo mongomuuza kuti "limbani mtima, ntchito ndi choncho".

Tiyambe ndi thupi. Bwana akakukalipirani kapena kukuopsezani kuti akuchotsani, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, BP imakwera, shuga amachuluka m'magazi. Izi n'zothandiza pothawa galu wolusa, poti pakapita mphindi zochepa zonse zimabwerera m'malo. Nanga ngati galuyo mukukumana naye Lolemba mpaka Loweruka, chaka ndi chaka? Tulo timasowa, BP imangokhala yokwera, mitsempha ya magazi imawonongeka pang'onopang'ono.

Si nkhambakamwa ayi. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO anapeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata.

Komatu vuto si maola okha. Kafukufuku wa Whitehall, amene anayamba mu 1967 pakati pa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma ku London, anapeza kuti imfa pakati pa antchito apansi, monga mamesenjala, zinali pafupifupi katatu kuposa pakati pa mabwana. Gawo lachiwiri, lotsogoleredwa ndi Michael Marmot kuyambira 1985, linaonetsa chimodzi mwa zifukwa zake: munthu wopanda chonena pa kagwiridwe ka ntchito yake amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a mtima.

Ndiye pali nkhanza, zomwe nthawi zina sizisiya bala looneka. Ku France, kampani ya matelefoni ya France Télécom inkafuna kuchepetsa antchito 22,000. Ambiri sikanatha kuwachotsa mwalamulo, choncho inayamba kuwasamutsasamutsa ndi kuwapatsa ntchito zowanyozetsa kuti atope achoke okha. Mu 2008 ndi 2009 antchito 35 anadzipha. Mu 2019 khoti la ku Paris linapeza kampaniyo ndi amene anali mkulu wake, Didier Lombard, olakwa pa mlandu wozunza antchito. Khoti linaona kuti cholakwika chinali ndondomeko yonse imene akuluakulu anakonza.

Wina anena kuti anthu amasiyana, ena amapirira kuposa anzawo. Zoona, ngakhale zitsulo zimasiyana mphamvu. Koma injiniya womanga mlatho sayembekezera kuti chitsulo chipirire mwa mwayi; amawerengera kulemera, n'kusiya mpata wokwanira. Wogawa ntchito azichitanso choncho: maola oyenera, nthawi yopuma, mwayi woti wantchito alankhulepo, ndi njira yodandaulira popanda mantha.

Ena mwa inu mawa lino mudzakhala mabwana, ena mudzalembedwa ntchito. Mukadzaona anthu a m'dipatimenti imodzi akudwaladwala, musadzathamangire kunena kuti ndi ofooka. Mudzawerenge maola awo, mudzamve mmene amalankhulidwira. Ndipo mayi kapena bambo akamafika kunyumba ali chete, mutu ukuwapweteka tsiku ndi tsiku, alimbikitseni akayezetse BP.