Nicholson Sadali Wamisala

Ambiri amene adaonera kanema wa David Lean wa 1957, The Bridge on the River Kwai, amati Nicholson, mkulu wa asilikali a Chingerezi ogwidwa ndi Ajapani, adapenga. Ine ndikukana. Munthuyu adapirira m'kachikuta kotentha ka malata pokana kuti akuluakulu a asilikali agwire ntchito yamanja, potsata pangano la Geneva. Nanga adadzutsiranji odwala kuti akamalize mlatho wa Saito, mdani wake? Mlathowo udali utasanduka wakewake, mpaka adakhomapo chikwangwani chokhala ndi dzina lake. Kumutcha wamisala, abale, nkumuchotsera mlandu. Madzi ataphwera, adaona chingwe cha mabomba a anzake, natenga Saito kukamulozera.